Mkazi Mnzanga Anabwera M'katoni

1

Dzina langa ndine Tiyamike, koma mukafika pa Kachulu musavutike nalo dzina limenelo. Funsani za mayi a Faith, akazi awo a Fanuelo ojambula mavidiyo, akulozerani nyumba ya khonde lobiriwira kuseri kwa mathandala oyanikapo matemba. Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndinatsala pang'ono kupha ubale wa anthu awiri obadwa bere limodzi, ndi banja langa lomwe, pa nkhani ya kompyuta. Mukafuna kuseka sekani, a pa Kachulu anaseka kale mpaka nthiti kuwawa.

Amuna anga anali ndi situdiyo limodzi ndi achimwene awo aakulu, a Yamikani. Akajambula ukwati, chinkhoswe kapena kwaya, a Fanuelo ndi amene ankakhala pansi n'kumadula ndi kulumikiza zithunzizo kuti zisanduke filimu yoti anthu aonere. A Yamikani ankagwira kamera yachiwiri Loweruka, masiku enawo ankakonza mafoni ndi makompyuta pa Songani. Kompyuta yawo yakale inali itatopa nawo moyo. Ukaipatsa vidiyo m'mawa unkatha kupita kudimba, kubwerako, kusamba, kudya, iyo ikadaganizabe.

Chaka chimenecho mpunga unachita bwino, nsomba nazo zinachuluka m'nyanja, ndiye maukwati anali mbwee. Abale awiriwa anagwirizana zogula makina atsopano, ndipo nkhondo inayambira pomwepo.

A Yamikani ankafuna yolumikiza okha. Ati agule ziwalo chimodzichimodzi, ubongo wake uku, khadi la zithunzi uko, bokosi lalikulu lopita mphepo, iwo amange ndi manja awo. Ati kuno ndi kunyanja, fumbi ndi utsi wowambira nsomba sizipempha odi, choncho pamafunika makina oti munthu azitsegula, kupukuta, chimene chafooka n'kusintha. A Fanuelo ankafuna yomangidwa kale ku fakitale, ya m'katoni, yokhala ndi walanti, kuti ikafa chaka chisanathe a sitolo akonze okha ulere. Ati ukwati subwerezedwa, mkwatibwi sangavalenso velo kachiwiri chifukwa choti achimwene anaiwala kumanga sikuluwu imodzi.

Anakangana masabata atatu athunthu. Kutchalitchi anayamba kukhala mabenchi osiyana. Amalume awo, mlimi wa mpunga amene foni yake ndi ya mabatani mpaka lero, atamva za mkanganowo anangofunsa ngati chinthucho chimaikira mazira.

Pamapeto a Yamikani anagonja poti wokhala pa makinawo tsiku lonse anali mng'ono wawo.

"Gulani ya m'katoniyo, achimwene," anatero. "Koma tsiku lina mudzandipempha nokha kuti ndione za mkati mwake."

2

Kompyutayo inachokera ku Limbe Lachisanu. Mu minibasi ya ku Zomba amuna anga anailipirira mipando iwiri, ndipo pa msewu wa mabampu wobwera kuno anaifungatira pamiyendo ulendo wonse. Itafika anaigulira chitenje chatsopano chofunda kuti isalowe fumbi. Ine pamenepo Khirisimasi ziwiri zinali zitadutsa osaona chitenje chochokera m'manja mwawo.

Anatiitana tonse, ine, Faith ndi alamu anga a Yamikani, n'kutionetsa kapepala konyezimira komatidwa kumbuyo, pamene chitseko cha bokosi chimakumana ndi thupi lake. Ati kapepala ako ndiye moyo wa walanti, kakangong'ambika a sitolo asamba m'manja. Anatichenjeza ngati tikupita ku nkhondo. A Yamikani anazungulira bokosilo kawiri, kusuzumira m'timabowo ta mphepo, n'kupempha kuti angotsegulako pang'ono aone mmene azungu anayalira mawaya. Anakanizidwa. Anapemphanso sabata yotsatira, anakanizidwanso, ndipo pempho limenelo linamveka ndi anthu ambiri.

Kunena zoona makinawo anali chilombo. Ntchito ya masiku anayi inkatha dzuwa lisanapendeke. Ine ndinasangalala, ndimati tsopano bambo aziweruka msanga. Kalanga ine, ndinaganiza mopusa! Mbiri itamveka kuti pa Kachulu pali situdiyo yachangu, ntchito zinachokera ku chilumba cha Chisi, ku Songani, ngakhale m'tauni mwenimweni. Amuna anga ankatuluka Faith asanadzuke. Chakudya chamasana ndinkawaperekera konko, madzulo n'kukatenga mbale zili chivundikirire. Ndikayamba nkhani ankayankha kuti "eee, eee," maso ali pa sikirini, ngakhale nditanena kuti mbuzi yalowa m'nyumba.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti ankaiyankhula. Tsiku lina ndinaima pakhomo la situdiyo n'kumva mawu ofewa aja amene anandifunsira nawo mbeta: "Limba mtima, mwana wabwino, tatsala pang'ono." Ndinalowa mwaukali ndikuganiza kuti ndipezamo mtsikana. Ndinapeza bambo akusisita bokosi lakuda.

Ndinachita nsanje, owerenga, nsanje yeniyeni yowawa pachifuwa. Mkazi mnzako wa magazi ungathe kumutukwana pa mjigo, anthu n'kukugwirani, mtima n'kutsikako. Nanga wa mawaya ungamutani? Ukakadandaula kwa ankhoswe kuti amuna anga akulimbikira ntchito, sakuseka?

Ndinakakhuthula zonsezi kwa mnzanga Falida, amene amayanika matemba kuseri kwathu. Falida amuna ake ndi achitatu, ndiye pa nkhani za m'banja amayankhula ngati dokotala. Zimene anandilangiza ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

3

Mwezi wa Ogasiti kunabwera ntchito yaikulu kuposa zonse. Che Swalehe, amene malole awo amanyamula nsomba kuchokera padoko pano, ankakwatitsa mwana wawo Nasra kwa mnyamata wogwira ntchito ku Joni. Mwambo unatenga masiku atatu, mpunga unaphikidwa m'migolo. Mkamwiniyo ankabwerera ku Joni kumapeto kwa mwezi, ndipo Che Swalehe ananenetsa kuti vidiyo ipite naye kuti abale a kumeneko aone kuti pa Kachulu si pamasewera.

Zithunzi zonse amuna anga anazikhuthulira mu kompyuta ija, makadi a kamera n'kuwafufuta poti Lamulungu lake anali ndi kwaya yoti akajambule ku Zomba. Ulendo umenewo anapita okha. A Yamikani anatsala, ati malungo anawagwira.

Lolemba makina anayamba kulira ngati injini ya boti la ku Chisi. Lachiwiri m'situdiyo munamveka kafungo konga shuga wopserera. Lachitatu masana, Nasra ali pakati pomwetulira pa sikirini, zonse zinangoti zii. Amuna anga anadina, anazula mawaya, anabwezera, anapemphera, koma ayi ndithu.

A Fanuelo sanade nkhawa kwambiri. Ananyamuka nayo m'mawa mwake akuyenda monyada, akuuza aliyense pa siteji kuti tsiku la walanti ndi limeneli, amene ankafuna zolumikiza pamanja aphunzirepo. Ku Limbe mnyamata wa m'sitolo sanailumikize n'komwe ku magetsi. Anaitembenuza, anaunika kapepala kaja ndi tochi ya foni, anakakanda ndi chikhadabo, n'kuitana bwana wake. Bwanayo anati kapepalako kanadulidwa ndi lezala n'kumatidwanso, choncho makinawo anatsegulidwa, choncho iwo sizikuwakhudza. Anawathandiza kunyamula katoni mpaka pakhomo, mwaulemu wonse.

Anafika kunyumba nkhope ili gwa. Anakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga pa zala. Makiyi a situdiyo anali awiri, awo ndi a achimwene awo. Amene ankalakalaka kutsegula bokosilo ankadziwika ndi mudzi wonse. Amene anadwala malungo a tsiku limodzi, Lamulungu lomwelo, ankadziwikanso. Ine ndinali pomwepo, ndinangopitiriza kupeta mpunga.

Tsiku lotsatira anapita pa Songani, pa benchi pamene alamu amakonzera mafoni, makasitomala ali pomwepo.

"Achimwene, bwezani zimene munachotsa m'makina anga, mubwezenso kiyi."

A Yamikani akuti anayamba aseka, poyesa nthabwala. Ataona kuti mng'ono wawo sakuseka, analumbira pa manda a mayi awo kuti sanakhudze. Kiyi anapereka. Koma pa msika mawu sagwa pansi. Pofika madzulo Songani yense anali atamva kuti a Yamikani amachotsa ziwalo zabwino m'zinthu za anthu n'kuikamo zakutha, moti anabera ngakhale m'bale wawo. Anthu anabwera kudzatenga mafoni awo asanakonzedwe.

4

Apa ndiye pamene pali manyazi anga aakulu. Masabata awiri otsatirawo anali okoma kuposa ena onse m'banja langa.

Amuna anga analibe kopita. Bokosi anakana kuti wina aliyense alitsegule, ati ndi umboni. Ndiye ankadzuka mochedwa, kumwa tiyi ndi ine pakhonde, kudya chakudya chikadali chotentha mpaka kupempha china. Anandiperekeza kudimba. Anadabwa kuona kuti Faith anagweruka mano awiri akutsogolo, chonsecho anali atagweruka kalekale. Tsiku lina pochokera kuchigayo anandilandira thumba, n'kunditchula kuti "Tiya," dzina limene anasiya kunditchula mwana asanabadwe. Ndinalowa kubafa n'kukalira ndi chimwemwe.

Falida akandiona ankangotsinzinira diso limodzi, ine n'kuyang'ana kumbali.

Koma pakadafunda padajiwitsa galu. Lachinayi lina ndinakumana ndi a Rozi, akazi awo a alamu, akutsika minibasi ndi beseni lopanda kanthu. Anali ataonda m'khosi. Anandiuza kuti pa benchi ya amuna awo sipakufikanso munthu, kuti ana awo kusukulu akutchedwa ana a wakuba, kuti iwo ayamba kuoda matemba kuti pakhomo pafuke utsi. Kenaka anandigwira dzanja n'kundipempha, ine, kuti ndiwayankhulire kwa amuna anga poti ndine mkazi wa mtima wabwino. Ndinawalonjeza kuti ndiyesetsa. Nditafika kunyumba, nkhani ya a Rozi sindinaitchule, chifukwa madzulo ake a Fanuelo anandigulira botolo la Fanta ndi mandasi, ndipo ndinati ndinena mawa.

Amene sanadikire mawa langa ndi Che Swalehe. Bambo aja sakalipa. Ankabwera m'mawa uliwonse, kupereka moni, kukhala pa mpando wa pakhonde, kufunsa za thanzi la mwana, n'kukhala chete ola lathunthu akuyang'ana amuna anga. Kenaka ankatsanzika mwaulemu n'kunena masiku amene atsala kuti mkamwini anyamuke. Atatsala masiku asanu, anapita okha kwa amalume aja kukawauza kuti ana a mlongo wawo akonze zinthu, apo ayi dzina la banja lonse linunkha padoko.

5

Bwalo linakhala Loweruka masana pakhonde pathu. Panali amalume, a Yamikani ndi a Rozi, Che Swalehe, ndi anthu ena amene sanaitanidwe koma anapezeka kuti ali ndi zochita pafupi ndi mpanda wathu. Bokosi analiika pa tebulo pakati, litafunda chitenje chake.

Amalume anati iwo za makina sadziwa, koma akudziwa kuti thumba likanenedwa kuti laperewera amalimasula pamaso pa anthu. Anagamula kuti a Yamikani atsegule, a Fanuelo agwire pepala la m'katoni lolembedwa ziwalo zonse, aziwerenga chimodzichimodzi.

Ine ndinati ndikatenge madzi akumwa. Amalume anati ndikhale, palibe amene ali ndi ludzu.

Chitseko cha bokosi chitangotseguka, munatuluka nyerere. Osati khumi, osati zana, koma mudzi wathunthu ndi mazira awo omwe. Anthu anadzuka m'mipando akudzikuntha. Zitachepa, a Fanuelo anayamba kuwerenga, a Yamikani akuloza. Chilichonse chinalimo, palibe ngakhale sikuluwu imene inasowa. Kenaka alamu anaweramira mkati, n'kulowetsa zala pa kafani koziziritsa ubongo wa makinawo, n'kusolola kanthu kamene kanatsekereza mapiko ake. Kanali kansanza kakuda, komangidwa ndi ulusi wofiira, konata ndi uchi wopserera.

Amalume anakamasula ndi kamtengo. Munali timizu, ndi tsitsi lalifupi lopotana, la ndevu.

Amuna anga anadzigwira chibwano. Anaimirira pang'onopang'ono, maso ali psuu.

"Ndiye simunabe, achimwene. Munabwera kudzandilodza."

A Rozi anayamba kulira mokuwa. A Yamikani, bambo wa imvi zake, anakhala pansi pa simenti, misozi ikutsika osaipukuta. Amalume anavula chipewa. Anati kuba amakambirana, koma izi n'zina, ndipo ngati zili choncho ndiye kuyambira lero a Yamikani asapondenso pa munda wa banja, ngakhale pa maliro a m'banjamo.

Owerenga, tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikukubisirani. Kiyi wa amuna anga Lamulungu lija anatsala m'thumba la thalauza limene ndinkachapa. Falida anali atanditengera ku Chisi pa boti, kwa mayi wina wa mankhwala amene ali ndi mafoni awiri ndipo amalandira odwala motsata nambala. Mayiyo anandimangira konda ine, ndi ndevu zimene ndinatola pamene bambo amametera. Anandiuza kuti ndikaike mkati mwa chinthu chimene amuna anga amachigwira kwambiri. Ati ena amaika m'pilo, ena pansi pa chishalo cha njinga. Ine ndinalingalira moona mtima. Pilo ankangomugunda ndi mutu maola ochepa, njinga alibe. Ndinadula kapepala kaja ndi lezala, ndinaika kansanzako pamalo pamene ndinaona kuti m'pofunda bwino, ndinatseka, n'kumata kapepalako ndi phala la mpunga. Safunsa anadya phula.

Ndinayang'ana alamu ali pansi paja. Ndinayang'ana amuna anga, amene masabata awiri amenewo anali anga ndekha. Ndinkadziwa kuti ndikayankhula mwina ndigona kwa amayi anga. Ndinagwada.

"Amalume, alamu sanalakwe. Ndinaika ndine."

Amuna anga anandifunsa, mawu ali pansipansi, ngati ndinkafuna kuwapha.

"Ndinkafuna muzindiyang'ana, bambo a Faith. Basi."

Woyamba kuseka anali munthu wina kuseri kwa mpanda. Kenaka mpanda wonse unagwedezeka. Che Swalehe anayesetsa kudzigwira, anaphimba pakamwa ndi kofia, koma mapewa anawaulula. Amene sanaseke ndi anthu anayi: ine, amuna anga, a Yamikani ndi a Rozi.

6

Tsiku lomwelo a Yamikani anachotsa chosungira zithunzi m'bokosi lija n'kupita nacho pa Songani. Ubongo wa makina unali utapsa, koma ukwati wa Nasra unali wamoyo. Abale awiriwo anagwira ntchito masiku atatu pa kompyuta yobwereka, ndipo mkamwini ananyamuka ndi vidiyo yake. Zimene anakambirana awiriwo m'masiku amenewo sindizidziwa. Ndinangomva kuti amuna anga anagwada, ndipo achimwene awo anawasiya chigwadire kanthawi ndithu asanawadzutse.

A Rozi sanandikhululukire mwaulere. Anati bodza linanenedwa pa msika, choncho choonadi chikanenedwenso pa msika. Ndinapita pa Songani tsiku la msika, ndinaima pafupi ndi benchi ya alamu, n'kufotokoza zonse kwa aliyense wofuna kumva. Ofuna kumva anali ambiri zedi. Mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati mankhwalawo amagwiranso pa amuna okonda mpira wa pa TV. Makasitomala a alamu anabwerera, ena anabwera ndi mafoni abwinobwino kuti angondiona.

Kwa amayi anga sindinapite, amuna anga sanandithamangitse. Koma mwezi wathunthu sanadye chophika ine. Ankadya pa lesitilanti ya padoko, akabwera n'kupereka moni ngati mlendo. Ndevu anayamba kukametera ku babashopu.

Mkangano wa makina unatha wokha. Ya m'katoni ina panalibe ndalama yoigulira, ndiye a Yamikani anatola ziwalo zimene zinapulumuka, anagula zimene zinapsa, n'kumanga yawo ija ankaifuna poyamba. Itatha amuna anga anabwera kudzanditenga kunyumba, koyamba kundiyankhula mawu opitirira moni. Pa tebulo la m'situdiyo panali bokosi latsopano, ndipo mbali imodzi yonse inali ya galasi. Mafani, mawaya, chilichonse chinkaonekera poyera. Alamu anandinong'oneza kuti galasilo silinali m'mapulani awo, amene anaumirira ndi mng'ono wawo.

"Mayi a Faith," anatero amuna anga, "mwaona? Umu mulibe pobisa kanthu. Mukafuna chinthu kwa ine, muzinena ndi pakamwa."

Ndinawayankha kuti pakamwa ndinanena miyezi isanu, iwo ankangoti eee, eee. Kuyambira sabata imeneyo situdiyo imatsekedwa dzuwa likamalowa, ndipo Lamulungu satsegula.

Tsopano inu owerenga, makamaka amene mukufuna kugula makina a ntchito ngati imeneyi, anthu amandifunsa monyoza kuti poti ndine katswiri, yabwino ndi iti, ya m'katoni kapena yolumikiza. Ndimawayankha mosanyoza. Ya m'katoni ndi yabwino ngati sitolo ili pafupi ndipo pakhomo panu palibe amene ali ndi chifukwa choitsegulira. Yolumikiza ndi yabwino ngati muli ndi m'bale wodziwa, ndipo simunamutchule wakuba pa msika. Koma musanagule iliyonse, bambo inu, tembenukani muone amene wakubweretserani chakudya, chifukwa za ameneyo pa pepala la walanti sanalembepo.

Kwa amayi anzanga, musandione ngati ndinapambana. Inde amuna anga amabwera msanga, amadya zophika ine, masiku ena amanditchulanso Tiya. Koma papita chaka tsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndikawapatsira tiyi amati zikomo, amamwetulira, kenaka amayamba asuzumira m'kapu asanamwe. Iwo amaganiza kuti sindiona.